Mpando wa Panja ku Greenwich

Iwe Tiyamike ndi iwe Madalitso, pa maliro a mayi anu munandifunsa za mzungu amene anakhala panja ndi azibambo tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Munafunsa m'Chingerezi monga mwa chizolowezi chanu. Sindinayankhe. Pamaliro si pofotokozera nkhani. Ndikuyankha tsopano, m'Chichewa. Mukavutika kuwerenga, vutikani.

Chaka choyamba

Ndinafika ku London ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu, kutsatira mayi anu amene anali atapeza ntchito ya unamwino. Kwathu ndinali munthu. Ndinagwira ntchito ya njanji ku Limbe zaka makumi awiri, kuyendera mawilo a sitima ndi hamala. Wilo yabwino ukaigogoda imaimba, yong'aluka imatsokomola. Sukulu ndinalekera Sitandade 8, koma panalibe sitima yonyamuka ine ndisanavomere. Kuno ndinapatsidwa tsache.

Ntchitoyo inali m'galaja ina m'mphepete mwa mtsinje, ulendo wa basi imodzi kuchokera kunyumba kwathu ku Barking. Kunja chinali chinyumba chamalata wamba, choyandikana ndi malo ogulitsa zitsulo zakale. M'kati munali moyera kuposa m'chipatala. Pakati panali magalimoto awiri a mpikisano, obiriwira, afupi osafika m'chiuno mwanga, matayala ake otambalala ngati migolo. Ndinaima pakhomo ndi tsache langa ndipo ndinapezeka nditavula chipewa. Tsiku loyamba kuliza injini ine ndilipo anandipatsa zotseka m'makutu. Ndinakana. Ndinati munthu wa sitima saopa phokoso. Atailiza, phokosolo silinalowere kukhutu, linalowera pachifuwa. Mano anagundana, malata onse anayankha. Ndinatola zotseka zija mwakachetechete.

Mwini timu ya magalimotowo anali bwana Wilfred, munthu wamfupi, wa zala zopindika, wovala ovolosi ngati aliyense. Anayamba ndi kukonza mavani a ogulitsa nsomba. Tsiku lina patebulo panali mahabu anayi. Habu ndi chitsulo chimene chimagwira wilo kugalimoto. Hamala yanga yaing'ono ya ku Limbe inali m'thumba, sindinkayenda popanda iyo. Nditaona kuti anthu apita kukamwa tiyi, ndinawagogoda imodzi ndi imodzi. Sindinadziwe kuti bwana ali kumbuyo kwanga.

"Ukuchita chiyani ndi katundu wanga?"

"Ndikumufunsa, bwana."

"Wayankha kuti chiyani?"

"Atatuwa ali bwino. Uyu akudwala."

Sanaseke. Anatumiza habuyo kwa anthu oyeza zitsulo ndi makina. Patapita masiku awiri yankho linabwera: mng'alu wochepa ngati tsitsi, m'kati mwenimweni. Bwana Wilfred anabwera pamene ndinkasesa, anandilanda tsache, n'kundipatsa kabotolo ka penti yachikasu. Anaitana anthu onse nati: "Kuyambira lero, chitsulo chilichonse chogwira wilo sichikwera pagalimoto yanga popanda kadontho ka Mbewe." Makina ankayezabe. Koma makina sankapita nafe kumipikisano. Ine ndinkapita.

Chaka chachitatu

Za mpikisano sindingathe kukufotokozerani bwino, ndipo wailesi yakanema imanama, imachepetsa liwiro. Ndinaima kuseri kwa khoma galimoto yathu ikudutsa. Sindinaione. Ndinaona mtundu wobiriwira basi, kenako mphepo inandimenya mbama. M'katimo munali munthu, mwana wa mayi wina, atagona chagada pamwamba pa madontho anga anayi. Ikalowa kudzasintha matayala, amuna ankaigwera ngati linthumbu, ndipo usanamalize kupuma kawiri yapita. Palibe wolamula, palibe wofunsa. Ndinagwira ntchito ndi anthu ambiri m'moyo wanga, koma anthu ogwirizana chotero sindinawaonepo.

Koma magalimoto amenewa amadya kuposa mudzi. Chaka chimenecho tinavutika. Injini yabwino inali imodzi ya magalimoto awiri, tinkaisamutsa uku ndi uku. Matayala otha tinkayesera nawo galimoto mpaka nsalu kuonekera. Ndiye kunabwera a Holloway, munthu wamtali, wa mawu otsika, wa nsapato zosadziwa girisi. Anagula masheya. Woyang'anira injini ndiye anandimasulira. Kampani inadulidwa magawo khumi papepala. Anayi a bwana Wilfred, anayi a Holloway. Awiri otsalawo anali a mayi Doreen, akazi a bwana, kuyambira kalekale, chifukwa galimoto yoyamba inamangidwa kuseri kwa nyumba ya makolo awo. Palibe ankawakumbuka magawo awiriwo. Mayiwo kugalaja ankabwera kamodzi pachaka ndi keke.

Ine kugawa munda ndimakudziwa. Malire amaoneka, apa pali mtengo, apo pali chulu. Ndinafunsa kuti magawo a Holloway ndi ati, mawilo kapena injini? Anandiseka. Anati alibe nati ndi imodzi yomwe, koma ali ndi gawo pa nati iliyonse. Ndinazizwa. A Holloway atabwera, injini zinabwera, matayala anabwera. Sanagwirepo sipanala, ndipo sanadziyese wodziwa. Akatswiri akati ayi, iwo ankati ayi. Dzina langa sanaliphunzire mpaka zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chachisanu ndi chinayi

Bwana Wilfred anali ndi mwana mmodzi, Neil. Bambo atayamba kufooka, iye ndiye ankatsogolera timu kumipikisano. Ndinene zoona: Neil anali wamtima wabwino. Ankadziwa mayina anu. Iwe Madalitso, njinga yofiira ija anakupatsa ndi iyeyo. Koma sankatha kugonja. Akaluza ankafiira mpaka m'khosi.

Loweruka lina m'mawa, kutatsala maola awiri kuti mpikisano uyambe, ndinagogoda habu yakumbuyo kumanzere. Inatsokomola. Ndinabwereza katatu. Ina yosinthira panalibe, inali itawonongeka dzulo lake. Ndinamuuza Neil tili awiri kuseri kwa lole.

"A Mbewe, ndi mpikisano waufupi. Ipirira."

"Siipirira."

"Mukudziwa bwanji? Ndi hamala ya m'thumba?"

"Ndi hamala yomweyi imene bambo ako anaikhulupirira."

Anatulutsa kabotolo m'thumba la ovolosi yanga, iye mwini, ine ndikuona. Anaika kadontho kachikasu pahabupo. Kadonthoko kanatuluka kopindika. Sindinalimbane naye. Galimoto itatsitsidwa pansi, dalaivala atalowa, ndinapita kukaima kutsogolo kwake, miyendo yanga itagunda mphuno ya galimoto.  Onse anandiyang'ana, kenako anayang'ana Neil. Patapita kanthawi iye anati: "Zimitsani. Habu ili ndi vuto." Anthu anamuyamikira chifukwa chosamala moyo wa dalaivala. Makina atayeza anapeza mng'alu.

Lolemba Neil anabwera kwa ine maso ali pansi. Anapepesa. Anandipempha kuti ndisauze munthu, makamaka bambo ake odwalawo. Ndinamupatsa dzanja. Ndinati sindidzauza munthu. Ngakhale mayi anu sindinawauze.

Chaka chakhumi ndi chimodzi, nyengo yozizira

Bwana Wilfred anamwalira Lachiwiri m'mawa. Uthenga unatipeza kugalaja. Anthu anaima duu mphindi imodzi, wina anayendetsa khadi loti tisaine, kenako aliyense anabwerera ku ntchito. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinavula ovolosi, ndinapita kunyumba, ndinadzutsa mayi anu amene anali atangoweruka.

"Valani chitenje. Tikupita kumaliro."

"Bambo a Tiya, azungu sachita zimenezo. Amatumiza maluwa."

"Maluwa amakhala ndi munthu?"

Tinagula shuga, buledi ndi masamba a tiyi. Tinawoloka mtsinje mpaka ku Greenwich, kunyumba kwa bwana. Ndinkayembekezera kupeza khamu, magalimoto mumsewu, nyimbo. Tinapeza chitseko chotseka ndi makatani. Mayi Doreen anatsegula okha, atavala juzi la amuna awo. M'nyumba monse munali iwo ndi mphaka. Neil anali kwa maloya. Ndinawauza kuti tabwera kudzakhala nawo, ndipo sitichoka mpaka bwana ataikidwa. Sanamvetse, koma anatilowetsa. Mayi anu anavula nsapato n'kukhala pansi pakapeti pafupi ndi mapazi awo. Ine ndinapempha mpando wa kukhitchini, ndinautulutsa, ndinakhala panja pafupi ndi geti, kumene amuna amakhala.

Madzulo mayi anu anatuluka akubisa kuseka m'chitenje.

"Mukudziwa maliro ndi liti? Pakatha masabata atatu."

"Masabata atatu? Akudikira ndani?"

"Ndi mzere, bambo. Kuno ngakhale wakufa amaima pamzere. Mwalonjeza nokha, mpando wanu ndi uwo."

Mawu ndinali nditanena kale. Ndinatenga masiku anga onse a tchuthi. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima, kutulutsa mpando, kukhala mpaka dzuwa litapendeka. Mayi anu ankabwera akaweruka. Kunkazizira moti mawondo ankalira ngati zitseko. Mkulu wina woyandikana nawo nyumba anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi, ndikukhuza maliro. Anabwerera kwawo. Sabata yachiwiri anayamba kutulutsa mpando wake n'kukhala nane ola limodzi.

Pampando umenewo ndi pamene ndinaonera nkhondo. Magawo anayi a malemu anapita kwa Neil. Anayi kwa anayi. Neil ankafuna kutsogolera timu iye mwini, pompano pa Barking, ndi anthu omwewo. A Holloway ankafuna kuika mtsogoleri wawo ndi kusamutsa galaja kumpoto, pafupi ndi bwalo lalikulu la mipikisano, ndi makina atsopano ndi anthu atsopano. Achikulirefe tinali osawerengedwa. Ine ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, inu muli pasukulu. Neil akapambana, ntchito yanga ilipo. Akagonja, yatha. Ndipo zonsezo zinali m'manja mwa mayi wa keke uja.

Nkhondo yotero sindinaionepo. Kwathu anthu akalimbirana munda amatukwana, makasu amakwezedwa, mudzi wonse umamva. Kuno ankabwera ndi maluwa. Galimoto zakuda zinkaima mwakachetechete, amuna a masuti ankatsika atanyamula zikwama zopyapyala, akumwetulira. Mbali ziwirizi zikakumana pageti zinkagwirana chanza n'kudandaula za nyengo. Koma ndinkaona maso awo. Amuna ophunzira, okwera ndege ngati minibasi, onse akupinda msana pakhomo la mayi wokalamba wovala juzi la mwamuna wake.

Tsiku lachinayi mayi Doreen anatuluka ndi tiyi wanga, maso atatupa. Anati aliyense wolowa ali ndi pepala loti asaine. Anafunsa kuti kwathu timatani. Ndinati kwathu za chuma sizikambidwa mtembo usanaikidwe. Anati: "Ndiye muziwauza zimenezo." Kuyambira tsikulo ndinkaimirira pageti. Wobwera kudzapepesa alowe, chikwama chitsale m'galimoto. Loya wina anandifunsa kuti ndine ndani pabanjapo. Ndinati ndine wa pampando. Anabweza chikwama.

Poona zimenezi, onse anaganiza kuti makiyi a mtima wa mayiwo ndili nawo ndine. A Holloway anaima pafupi ndi mpando wanga, ndipo dzina langa analitchula bwinobwino.

"A Mbewe, kumpoto kudzafunika munthu mmodzi wakale. Ndikhoza kuganizira za inu. Mayi amakumverani."

"Bwana, ndili pamaliro."

Neil anabwera tsiku lotsatira, ananjuta pambali panga ngati mwana.

"Bambo anakuchotsani pa tsache. Mukudziwa mbali yanu."

"Ndikudziwa. Lowa ukaone mayi ako. Sanadye."

Tsiku la maliro linafika. Bwana sanaikidwe m'manda, anatenthedwa. Mwambo wonse sunathe theka la ola. Katani inatsekeka yokha bokosi lili kuseri, ndipo anthu a maliro ena anali kale pakhomo. Munthu amene anamanga magalimoto ogwedeza malata anachoka popanda phokoso lililonse.

M'mawa mwake ndinapita kukabweza mpando kukhitchini. Mayi Doreen anati ndiukhalire momwemo, m'nyumba. Anakhala moyang'anana nane.

"A Mbewe, maliro atha. Tsopano mukhoza kuyankhula. Mawa kuli msonkhano wa eni masheya."

"Ine ndine wa mawilo, mayi. Za masheya sindizidziwa."

"Sindikufunsani za masheya. Ndinakhala ndi Wilfred zaka zonsezi ndikuopa foni ya ngozi tsiku lililonse la mpikisano. Madalaivala aja ali ndi amayi awo. Mwana wanu Madalitso atakhala m'galimoto ija, mungafune woilamula akhale Neil?"

Ndinayang'ana mphaka. Ndikanatha kunena kuti inde, ndipo palibe akanandigwira bodza. Ntchito ikanakhalapo, anzanga akanandinyamula pamapewa, lonjezo langa kwa Neil likanasungika. Ndinaganiza za inu. Kenako ndinaona kadontho kopindika kaja. Tsiku lija ndinalipo, ndinaima kutsogolo kwa galimoto. Koma ine ndinali kukalamba, ndipo tsikulo Neil anali ndi bambo woti awaope. Ndinawauza zonse, kuyambira kutsokomola kwa habu mpaka dzanja limene ndinapereka. Ndinawauzanso kuti anazimitsa galimoto ndi pakamwa pake, ndi kuti anapepesa. Sindinawonjeze, sindinachotse.

Mayi Doreen anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati: "Mukudziwa kuti mwadzichotsa ntchito?"

"Ndikudziwa, mayi."

Kunyumba ndinawauza mayi anu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Masabata atatu kuzizidwa pageti la eni, malipiro ake n'kudya ntchito yanu ndi pakamwa panu."

"Eya."

"Mukananama ndikanakudziwani pankhope. Khalani pansi, mudye. Ndipempha mashifiti ena."

Msonkhano unachitikira m'kachipinda kapamwamba m'galaja momwemo, ka mawindo agalasi. Ife tinali pansi, aliyense atagwira chitsulo chimene sankachikonza. Tinkaona koma osamva. Mayi Doreen anakwera masitepe pang'onopang'ono atanyamula kachikwama ka m'manja. Anayankhula kanthawi akuyang'ana mwana wawo. Kenako a Holloway anakweza dzanja. Mayiwo anakweza lawo, losafika ngakhale pamwamba pa mutu. Basi. Tiyi amene ndinathira polowa iwo anali asanazizire. Dzanja limodzi lokalamba linanyamula magalimoto, malole, injini ndi ntchito za amuna onse aja n'kuziponya kumpoto. Ndinaona injini zamphamvu m'moyo wanga, koma mphamvu yoposa ya dzanja limenelo sindinaione.

Mayiwo sanapereke dzanja lawo ulele. Analembetsa kuti woyeza zitsulo akati ayi, palibe mwini sheya kapena mtsogoleri angasinthe mawuwo. Neil anatsala ndi magawo ake, koma ulamuliro anauluza. Potsika masitepe anaima patsogolo panga. Nkhope inali yoyera ngati pepala.

"Munandipatsa dzanja, a Mbewe."

"Ndinakupatsa. Ndaphwanya."

Anatuluka.

Zaka zotsatira

Galaja inatsekedwa chilimwe chisanathe. A Holloway sanandiitane kumpoto, ndipo sindinawakumbutse. Anzanga atamva zimene ndinanena, ambiri anasiya kundipatsa moni. Sindiwadzudzula, nawonso anali ndi ana. Ndinapeza ntchito pamalo okonzera matayala a mavani, ndipo ndinapumira pomwepo patatha zaka khumi. Mukukumbuka nthawi imene mayi anu sankapezeka pakhomo Loweruka ndi Lamlungu, ndi chaka chimene ulendo wa kumudzi unalephereka. Chifukwa chake ndi chimenechi. Mlandu ndi wanga, osati wawo.

Timu ilipobe, dzina linasintha. Ndimaionera pawailesi yakanema, mawu nditatsitsa. Sindinena kuti ndinapulumutsa munthu, chifukwa ngozi imene sinachitike ilibe mboni. Mwina Neil akanakhala mtsogoleri wabwino. Funso limenelo ndimadzuka nalo mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinafunsidwa, ndipo ndinayankha zimene ndinamva.

Mayi Doreen ankatumiza keke chaka chilichonse mpaka anamwalira. Neil sanandiyankhule zaka khumi ndi zitatu. Pamaliro a mayi ake ndinapita, anandiona, anayang'ana kumbali.

Mayi anu atatisiya chaka chatha, nyumba ya ku Barking inadzaza monga munaonera. Amayi a kutchalitchi m'kati akuimba, azibambo panja m'majekete. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinaona mzungu wa imvi akubwera wapansi kuchokera kusiteshoni. Dzanja lina ananyamula pepala la shuga, dzanja lina mpando wa kukhitchini. Ndinaudziwa mpandowo ndisanamudziwe iye. Anawoloka nawo mtsinje pasitima, anthu akumuyang'ana. Anapereka shuga kwa amayi pakhomo, anaika mpando pafupi ndi geti, anakhala. Sanandipatse dzanja, inenso sindinamupatse. Mvula itayamba azibambo ena anathawira m'nyumba. Iye anakweza kolala ya jekete basi.

Ameneyo ndiye Neil. Mpando anausiya. Ndi uwu ndakhalira polemba izi, ndipo ndikadzapita musadzautaye. Mudzautulutse panja.